Slash ndi backslash pa zipangizo za Braille: chisokonezo chimachokera kuti?

Munthu wosaona akhoza kudziwa bwinobwino pamene fayilo yake ili, dzina la foda ndi la fayiloyo chilembo ndi chilembo, koma akalemba njira yokafika kumeneko pa chipangizo chake cha Braille, chipangizocho n'kumuuza kuti fayiloyo kulibe. Amapapasanso mzere wonse ndi zala, sapezapo cholakwika. Amafufuta, n'kulembanso, yankho n'kukhala lomwelo. Nthawi zambiri vuto limakhala pa kachizindikiro kamodzi kolekanitsa mayina a mafoda. Tizizindikiroti tilipo tiwiri: slash, kamzere kamene mutu wake umapendekera kudzanja lamanja, /, ndi backslash, kamene mutu wake umapendekera kumanzere, \.

Kwa woona, funso limakhala limodzi: pano pakufunika kati? Kwa wowerenga ndi zala mafunso ndi atatu, ndipo amasanjikizana. Makinawa akufuna kachizindikiro kati? Kachizindikiroko kamalembedwa ndi madontho ati m'kalembedwe ka Braille kamene munthuyo anaphunzira? Nanga chipangizocho, pa malo amene akulembapowo, chikumasulira madonthowo ndi kalembedwe kati? Munthu akhoza kukhoza mafunso awiri oyambawo n'kugwa pa lachitatu, ndipo lachitatuli ndi limene silionekera poyera.

Funso loyamba ndi la mbiri ya makompyuta. Njira ya fayilo ili ngati kulondolera mlendo: mumatchula mudzi, kenako mbumba, kenako khomo, ndipo pakati pa mayinawo pamafunika kanthu kosonyeza kuti dzina lina latha, lina layamba. Unix, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anayamba kupanga ku Bell Labs mu 1969, inasankha slash. Linux, Android, macOS ndi iOS zonse zimatsata mwambo umenewo, ndipo maadiresi a pa intaneti nawonso amayendera slash. MS-DOS yoyamba, pulogalamu ya Microsoft yoyendetsa kompyuta ya mu 1981, inalibe mafoda konse, choncho slash anaipatsa ntchito ina, yosonyeza kachitidwe ka lamulo, monga DIR /W. Mafoda atabwera ndi MS-DOS 2.0 mu 1983, slash inali ili kale pa ntchito, ndiye anatenga backslash, kachizindikiro kamene Bob Bemer wa ku IBM analimbikitsa kuti kalowe mu ASCII, mndandanda wa zilembo ndi zizindikiro za makompyuta, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Windows inangolandira cholowa chimenecho, ndipo mpaka lero imalemba C:\Users\.

Mbali ziwirizi sizikhululuka mofanana. Windows m'malo ambiri imalandira slash ngakhale pamene pamayenera kukhala backslash. Mukalemba C:/Users mu File Explorer mumafika. Mu Command Prompt, malo olembera malamulo, ndi mmene nthawi zina imakana, chifukwa malamulo ena amayesa kuti zimene zatsatira slash ndi kachitidwe ka lamulo ngati kale lija. Android ndi Linux sizibwezera ulemuwo. Kwa izo backslash ndi chilembo wamba chimene chingakhale m'kati mwa dzina, moti Mabuku\nkhani.txt zimaiwerenga ngati dzina limodzi lalitali la fayilo imene kulibe.

Zipangizo za Braille zinadutsa m'mbali zonse ziwiri. BrailleNote yoyamba, imene inatuluka mu 2000 kuchokera ku kampani ya Pulse Data ya ku New Zealand, imene pambuyo pake inadzakhala HumanWare, inkayendera Windows CE. Ma BrailleSense oyambirira a kampani ya HIMS ya ku South Korea analinso chimodzimodzi, ndipo PAC Mate ya Freedom Scientific inali ya banja lomwelo la Windows ya m'manja. Windows CE inkagwiritsa ntchito backslash, koma inalibe zilembo za madiraivu ngati C: ndi D:, moti memori khadi inkaoneka ngati foda yoyambira pa backslash. Kenako mu 2016 kunabwera BrailleNote Touch, mu 2017 BrailleSense Polaris, zonse zoyendera Android, kumene njira imaoneka ngati /storage/emulated/0/Download. Munthu amene wakhala ndi chipangizo cha dzina limodzi kwa zaka zambiri anasinthiridwa kachizindikiro kunsi kwa zala zake. Ndipo khadi lomwelo akalichotsa n'kulilowetsa mu kompyuta ya Windows, limasanduka E:\ kapena F:\.

Mpaka pano, woona ndi wosaona akuvutika mofanana. Kusiyana kumayambira pa madontho.

Selo ya Braille ili ndi madontho asanu ndi limodzi: 1, 2 ndi 3 kutsika kumanzere, 4, 5 ndi 6 kutsika kumanja. Mukawasakaniza m'njira zonse zotheka mumapeza maonekedwe 63 okha. Zilembo ndi zizindikiro za ASCII zolembeka zilipo 95. Sizingakwanirane, choncho maonekedwe amodzi amanyamula matanthauzo angapo, ndipo tanthauzo limadalira kalembedwe kamene mukutsata.

Tengani madontho 3-4. Dontho 3 lili pansi kumanzere, dontho 4 pamwamba kumanja, moti pa chala amamvekadi ngati kamzere kopendekera kumanja. Mu Braille ya kompyuta ya ku North America, imene zipangizo zambiri zimabwera nayo, madontho amenewa ndi slash basi. Mu Braille ya Chingerezi yachidule, ya Giredi 2, madontho omwewo ndi chidule cha zilembo st, ndipo akaima paokha ndi mawu akuti still. Mu Unified English Braille, imene anthu amangoti UEB, akakhala pakati pa manambala ndi kamzere ka fulakishoni. Kuti slash isasokonezeke ndi zonsezi, UEB imailemba ndi maselo awiri: madontho 4-5-6, kenako 3-4. Backslash nayo ndi maselo awiri: 4-5-6, kenako 1-6. Apa okonza UEB anaganiza bwino kwambiri, chifukwa dontho 1 lili pamwamba kumanzere ndipo dontho 6 pansi kumanja, kotero chala chimamva kamzere kopendekera mbali inayo. Mwana wophunzira sachedwa kuzigwira.

Tsopano munthu wophunzira UEB uja walowa pa malo olembapo njira ya fayilo, ndipo malowo akufuna Braille ya kompyuta, kumene selo iliyonse ndi chilembo chimodzi. Kumeneko madontho 4-5-6 ndi kamzere ka pansi, _, ndipo madontho 1-6 ndi kanyenyezi, *. Akalemba backslash monga anaphunzirira, chipangizo chimalandira _*, zimene sizikhudzana konse ndi backslash. Kanyenyeziko ngakhale m'dzina la fayilo Windows siikalola. Akalemba slash, chipangizo chimalandira _/, ndipo ichi ndi choipa kuposa chija, chifukwa slash ilipodi, kungoti yabwera ndi mlendo. M'malo mwa Mabuku/nkhani.txt pamakhala Mabuku_/nkhani.txt, chipangizo n'kumafunafuna foda yotchedwa Mabuku_ imene sinapangidwepo.

Chopweteka n'chakuti akabwerera kukapapasa, mzere wa Braille, pamene madontho amatukuka pa chipangizocho, umamuonetsa madontho omwe aja anadina: 4-5-6, 3-4. Malinga ndi zimene anaphunzira, imeneyo ndi slash yolondola, yopanda banga. Zala zake zikuwerenga molondola, chipangizo nacho chikuonetsa molondola, koma aliyense akutsata malamulo ake. Woona akalakwitsa kachizindikiro, sikirini imamuonetsa cholakwikacho. Wowerenga ndi zala akhoza kuonetsedwa cholakwika chovala maonekedwe a cholondola. N'chifukwa chake kuuza munthu wotero kuti «onetsetsaninso bwino» sikuthandiza, ndipo ndimaona kuti n'kumulakwira. Akhoza kuonetsetsa tsiku lonse osapeza kanthu.

Zimachitikanso mbali inayo. Amene anazolowera Braille ya kompyuta amadina 3-4 mosaganizira, koma ngati malowo ali pa Braille yachidule, pulogalamu yomasulira imaika st, ndipo Mabuku/nkhani imasanduka Mabukustnkhani. Pa zipangizo ndi mapulogalamu ambiri kumasuliraku sikuchitika nthawi yomweyo. Kumadikira kuti mudine space kapena Enter. Njira ya fayilo kawirikawiri ilibe space, ndiye cholakwikacho chimabadwa pa nthawi yomwe mukutumiza, pamene simungachigwirenso.

Backslash ya Braille ya kompyuta ili ndi msampha wakewake. Mu kalembedwe ka madontho asanu ndi limodzi ndi madontho 1-2-5-6, amene mu Giredi 2 ndi chidule cha ou, ndipo paokha ndi mawu akuti out. Koma zipangizo zamakono zili ndi maselo a madontho asanu ndi atatu: dontho 7 kunsi kwa dontho 3, dontho 8 kunsi kwa dontho 6. Mu kalembedwe ka madontho asanu ndi atatu backslash ndi 1-2-5-6-7. Mukasiya dontho 7 mwalemba kamzere koongoka, |, kamene pa malo olembera malamulo kamatanthauza kuti zotuluka mu lamulo lina zilowe mu linzake, ndipo m'dzina la fayilo ya Windows sikaloledwa. Kusiyana konse kuli pa dontho limodzi lam'munsi, limene chala chofulumira chimaphonya mosavuta. Kuwonjezera apo, zipangizo zambiri zimasonyeza kesa, kachizindikiro kolozera pamene muli pa mzere, pokweza madontho 7 ndi 8. Mukaimika kesa pa selo imene mukuikayikira kuti muifufuze, dontho 7 limakwera chifukwa cha kesayo, ndipo simungadziwenso ngati linalipo kale kapena ayi. Muyenera kusuntha kesa kupita pa selo yoyandikana nayo, ndiye mupapase.

Kulemba dontho 7 nakonso kuli ndi zake. Pa kiyibodi ya mtundu wa Perkins ya zipangizo zambiri, pamene dontho lililonse lili ndi batani lake, batani la dontho 7 ndi lomwe limagwiranso ntchito ya Backspace, ndipo la dontho 8 ndi Enter. Mukalidina limodzi ndi madontho ena pamene chipangizo chili pa madontho asanu ndi atatu, limakhala dontho 7. Chala chikachedwa pang'ono n'kulidina palokha, limafufuta chilembo chimene mwangolemba kumene. Chipangizo chikakhala pa Braille ya kompyuta ya madontho asanu ndi limodzi, njira imakhala ina: pa zipangizo ngati BrailleNote ndi BrailleSense mumayamba mwadina space limodzi ndi chilembo U, kenako madontho a kachizindikiroko. Ambiri anaiphunzira njira imeneyi polemba @ mu adiresi ya imelo, osadziwa kuti backslash imatulukira pa khomo lomwelo.

Slash sizivutika zokha. Koloni wa mu C: ndi madontho 2-5 mu Braille ya mabuku, koma mu Braille ya kompyuta madontho 2-5 ndi nambala 3, ndipo koloni ndi 1-5-6. Kadontho kolekanitsa dzina ndi mtundu wa fayilo ndi 2-5-6 m'mabuku, koma mu Braille ya kompyuta ameneyo ndi 4, ndipo kadonthoko ndi 4-6. Choncho nkhani.txt ikhoza kutuluka nkhani4txt. Wowerenga C:\ yolembedwa mu Braille ya kompyuta ndi maganizo a Giredi 2 amamva C, wh, ou, zinthu zopanda mutu.

Ndipo zonse ndanenazi za Braille ya kompyuta ndi za tebulo la ku North America, ndiko kuti mndandanda wosonyeza madontho a chilembo chilichonse. Mayiko ena ali ndi matebulo awo. Mu tebulo la Chijeremani la madontho asanu ndi atatu slash ndi 2-5-6, ndipo backslash ndi 3-4-7, kutanthauza kuti madontho amene wa ku America amawadziwa kuti ndi slash, kuwonjezera dontho limodzi, ndi backslash ya mnzake wa ku Germany. Amene wagula chipangizo chogwirapo kale ntchito, kapena walandira cha mphatso kuchokera kutali, ayenera kuyamba wafufuza tebulo limene chinaikidwa.

Bwanji kalembedwe kambirimbiri chonchi? Braille ya mabuku inapangidwira kuwerenga nkhani, ndipo zidule zake n'zochepetsa mapepala ndi kufulumizitsa chala. Makompyuta atafika panafunika kalembedwe koti chilembo chilichonse chizidziwika popanda kupenekera, ndipo bungwe la Braille Authority of North America linakhazikitsa Computer Braille Code mu 1987. Kwa zaka zambiri wowerenga Chingerezi ankafunika kudziwa kalembedwe ka mabuku, ka masamu ndi ka kompyuta, kalikonse ndi malamulo ake. UEB, imene inakonzedwa pansi pa International Council on English Braille, inabwera kudzaphatikiza zonsezi. South Africa inaivomereza mu 2004, United Kingdom mu 2011, ndipo United States inayamba kuigwiritsa ntchito pa 4 Januwale 2016. Papepala nkhani inatha: adiresi ya pa intaneti kapena njira ya fayilo imalembedwa mu UEB popanda kusinthira ku kalembedwe kena. Pa zipangizo sinathe, chifukwa malo ena olembapo, monga a mayina a mafayilo, maadiresi ndi mawu achinsinsi, pa zipangizo zina amafunabe Braille ya kompyuta. Zotsatira zake n'zakuti pali mibadwo iwiri. Akuluakulu anakulira mu Braille ya kompyuta, kwa iwo slash ndi selo imodzi. Achinyamata anaphunzitsidwa UEB yokha, kwa iwo slash ndi maselo awiri. Wamkulu akamathandiza wamng'ono pa foni, onse amanena zoona, koma osamvana.

Mwina wina anganene kuti mawu a chipangizo ndiye azithetsa mkanganowu. Amathandiza, koma ali ndi malire. Mapulogalamu owerenga zapasikirini monga JAWS ndi NVDA ali ndi milingo ya kuchuluka kwa zizindikiro zimene azitchula, ndipo pa mlingo wotsika zizindikiro zina amangozidumpha. Ngakhale atchule, pa liwiro limene ozolowera amamvetserapo, backslash ndi slash zimatha mofanana, ndipo kachiyambi kakafupiko sikachedwa kumezedwa. Oona ambiri nawonso amasokoneza mayinawa. Si zachilendo kumva munthu akuwerenga adiresi ya pa intaneti n'kumati backslash pamene pali slash. Kulozera batani pa kiyibodi wamba sikumalizanso nkhani, chifukwa pa kiyibodi ya ku America backslash ili pamwamba pa Enter, pamene pa ya ku Britain ili pafupi ndi Shift ya kumanzere, pambali pa Z.

Pali mavuto ena amene munthu amakumana nawo asanalembe kalikonse, chifukwa njirazo zinalembedwa kale m'kati mwa mafayilo. Ndandanda ya nyimbo ya M3U yopangidwa pa Windows imasunga njira zokhala ndi backslash. Mukaikopera ku chipangizo cha Android, nyimbo zonse zilipo koma pulogalamu ikhoza kulephera kuzipeza. Malamulo a mafayilo a ZIP amafuna slash, koma mapulogalamu ena akale ankaikamo backslash, ndipo ZIP yotero ikatsegulidwa pa Linux kapena Android nthawi zina mafoda sapangika, mumangopeza mafayilo a mayina ataliatali ataunjikana pamodzi. Foda yogawana pa netiweki imene Windows imailemba \\seva\mabuku, pa Android ndi macOS imalembedwa smb://seva/mabuku. Fayilo ya BRF, imene imasunga Braille yomasuliridwa kale, mukaitsegula pa kompyuta ngati lemba wamba mudzapeza _/ paliponse pamene pali slash ya UEB, ndipo njira yokopedwa mmenemo singagwire ntchito kwina. Amene amakonda kuika deti m'dzina la fayilo, monga 12/05/2024, amakanidwa pa Windows, Linux ndi Android, chifukwa slash singakhale m'dzina. Kamzere kogona, 12-05-2024, ndiko kamaloledwa. Ndipo slash ya kumayambiriro kwenikweni ili ndi tanthauzo lake: /Mabuku ndi foda ya ku tsinde la zonse, pamene Mabuku yopanda slash ndi foda ya m'kati mwa pamene muli panopa.

Njira ikakana, choyamba kufufuza si njirayo ayi, koma kalembedwe kamene malowo akulandira. Fufutani zonse, dinani madontho 3-4 okha, kenako yendani pa chilembocho ndi kesa kuti chipangizo chichitchule. Chikati slash, muli pa Braille ya kompyuta ya ku North America, ndiye backslash yanu ndi 1-2-5-6 yokhala ndi dontho 7 kapena yotsogozedwa ndi space ndi U. Chikatulutsa st kapena still, muli pa Braille yachidule, ndiye lembani maselo awiri a UEB kapena sinthani kalembedwe. Chikatchula china chake, mwina tebulo lanu ndi la kwina. Kuyesa kumeneku sikutenga nthawi, ndipo kumathetsa funso lachitatu lija lisanakusokonezeni.

Pofufuza njira imene mwalemba kale, musadalire madontho okha. Yendani chilembo chimodzichimodzi mawu akutchula, kapena sinthani mzere wa Braille kuti uonetse Braille ya kompyuta ya madontho asanu ndi atatu, kumene selo iliyonse ndi chilembo chimodzi ndipo mlendo ngati _ alibe pobisala. Pamene chipangizo chimalola kusankha foda pa ndandanda kapena kukopera njira, palibe manyazi kutero m'malo moilemba. Pa Windows, pamene backslash ikuvuta kutulutsa, slash imagwira ntchito m'malo ambiri, koma pa Android musayese zotembenuza.

Komabe sindikhulupirira kuti katundu yenseyu ayenera kusenzedwa ndi wogwiritsa ntchito. Chipangizo chikasintha kalembedwe pa malo ena, chiyenera kunena momveka nthawi iliyonse, pa mawu ndi pa mzere wa Braille pomwe. Chikalandira njira yokhala ndi _/ kapena _*, sikovuta kuti chizindikire kuti munthuyu walemba UEB pa malo a Braille ya kompyuta n'kumufunsa, m'malo mongomuyankha kuti fayilo kulibe. Buku la malangizo likamati «lembani backslash» n'kusiyira pomwepo, lasiya theka la ntchito. Ndipo mphunzitsi, wachibale kapena wothandiza pa foni, kaya ndi woona kaya ndi wosaona mnzake, asamangotchula dzina la kachizindikiro kapena mbali imene kapendekera. Ayambe wafunsa kuti chipangizocho ndi cha Android kapena cha Windows, afunse kalembedwe kamene malowo ali, ndiye anene madontho: «Ngati muli pa Braille ya kompyuta, dinani 3-4 kamodzi. Ngati muli pa UEB, dinani 4-5-6, kenako 3-4.»